Katundu watithina m'kalavani: tiyambire pati?

Mayi a ku Boston:
Moni nonse abale ndi alongo. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere chisamukireni mwezi wa September, ndipo ndikukhulupirira kuti pagulu pano alipo ena amene anadutsamo kale. Ine, bambo a kunyumba ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 7 tikukhala m'kalavani yosayenda imene abwana athu anaiika kuseri kwa fakitale yolongedza ndiwo zamasamba, kufupi ndi tawuni ya Boston ya ku Lincolnshire kuno ku England, osati ya ku America ija. Kalavaniyi ndi ya mapazi 35 m'litali ndi mapazi 12 m'lifupi, ndipo mkati mwake muli zipinda ziwiri zogona, bafa, ndi khitchini yolumikizana ndi pabalaza.

Tisanabwere kuno tinkachita lendi nyumba yokhala ndi chipinda chosungiramo katundu, choncho zonse tinali nazo tinabwera nazo. Chipinda cha mwana chili ndi timabedi tiwiri topapatiza. Pa kamodzi amagonapo iye, pa kenako tinasanjikizapo makatoni 6 ndi masutikesi 4 a katundu amene tikusonkhanitsa kuti tidzatumize kumudzi. Makabati a kukhitchini ndi osaya moti thumba la ufa la makilogalamu 10 sililowa, ndiye limangokhala pansi pafupi ndi firiji. Majekete ndi majombo a kuntchito timabwera nawo ali onyowa ndipo tilibe powaika. Chimene chandiliza kwenikweni n'chakuti sabata yatha nditatsegula kabati ya zovala ndinapeza suti ya bambo ndi zitenje zanga ziwiri zitachita chuku chakuda mbali imene inatsamira khoma. Chimodzi mwa zitenjezo anandisiyira ndi malemu mayi anga.

Bambo akuti tigule mashelefu tikhome m'makoma monse, ndipo zotsala tizilowetse pansi pa kalavani poti pali malo aakulu. Ndisanavomere ndati ndimve kaye kwa inu.

Mayi a ku Hereford:
Pepani kwambiri achemwali chifukwa cha chitenje cha mayi. Ine ndinakhala m'kalavani yonga yanuyo zaka zinayi pa famu ya zipatso, ndipo ndikukupemphani kuti musayambe ndi funso la poika katundu. Yambani ndi chinyezi, chifukwa ngati chinyezi simunachigonjetse, malo aliwonse amene mungapeze adzangokhala malo oolerapo zinthu.

Makoma a kalavani ndi opyapyala kwambiri poyerekeza ndi a njerwa, ndiye kunja kukazizira, mkati mwa khomalo mumazizira msanga. Nthunzi yochokera m'poto wa nsima, m'bafa, m'zovala zoyanika m'nyumba ndiponso m'mpweya umene anthu atatu mukupuma usiku wonse, ikagunda khoma lozizira imasanduka madzi, monga momwe mame amagwera pa udzu m'bandakucha. Pamene pali poyera madziwo amauma masana. Koma kuseri kwa kabati yodzaza, kuseri kwa makatoni ndi pansi pa matiresi mpweya suyenda, ndipo ndi momwemo mmene chuku chimamera. Gasi amene mumaphikira nayenso amawonjezera: kilogalamu imodzi ya gasi wa m'masilinda wotchedwa propane ikapsa imatulutsa madzi opitirira lita imodzi ndi theka, ndipo akachokera pa chitofu onsewo amathera m'nyumba momwemo.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti chilichonse chisakhudze khoma lakunja. Siyani mpata wolowa chikhatho pakati pa katundu ndi khoma. Kabati ya zovala musaidzaze mpaka kuthina, ndipo masana muzisiya chitseko chake chotsekula. Makatoni achotseni ndithu, pakuti katoni imamwa chinyezi n'kuchisunga. Gulani mabokosi apulasitiki okhala ndi zivindikiro zotseka bwino, makamaka oonekera mkati kuti musamavundukule onse pofuna chinthu chimodzi. Zovala za nyengo yotentha ndi zofunda za alendo ziikeni m'matumba aja otulutsa mpweya ndi makina osesera, koma zikhale zouma gwa musanatseke. Mukanyamula makushoni a mipando ya pabalaza, m'makalavani ambiri mumapeza mphako pansi pake, ndipo matumba amenewa amakwana bwino mmenemo.

Bambo a ku Elkhart:
Mayi a ku Boston, ndiyankhe za mashelefu poti ndi ntchito imene ndimagwira tsiku ndi tsiku. Ndili ku Indiana, m'dera la Elkhart kumene amapangako makalavani oyenda ochuluka kuposa dera lina lililonse mu America, ndipo ine ndimakhoma makabati mkati mwake. Makalavani a ku Britain amamangidwa mosiyanako pang'ono, koma pa nkhani ya khoma ndi amodzimodzi. Chimene mumachiona ngati khoma ndi kathabwa kopyapyala ka mamilimita atatu kapena kupitirirako pang'ono, kuseri kwake kuli timitengo ta felemu totalikirana, ndipo pakati pake pali zotetezera kuzizira, mawaya a magetsi, mwinanso mapaipi. Sikuluwu yolowa m'kathabwa kokhako singanyamule shelefu ya mbale kapena mabuku. Idzagwira masabata angapo, kenako idzazuka pamodzi ndi chidutswa cha khoma. Makabati amene munawapezamo amalimba chifukwa ku fakitale anaika thabwa lochindikala kuseri kwake asanatseke khomalo.

Kuwonjezera apo kalavaniyo si yanu, choncho musaboole paliponse musanapemphe chilolezo kwa eni ake. Njira yabwino ndi kulola kuti kulemera kupite pansi osati pa khoma. Gulani mashelefu opapatiza oima okha, zolemera muike mmunsi, zopepuka mmwamba. Zilipo ndodo zotambasuka zimene zimadzigwira zokha pakati pa makoma awiri popanda msomali. Imodzi muike m'bafa pamwamba pa shawa kuti majekete onyowa azidonthera mmenemo windo la bafa lili lotsekula pang'ono ndi chitseko chotseka. Mbedza zokoleka pamwamba pa chitseko n'zothandiza pa matawulo ndi zikwama za sukulu, koma zitseko zake ndi zamphako ndipo mahinjesi ake ndi ofooka, ndiye musazisenzetse majekete asanu.

Mayi a ku Boston:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Za mphako ya pansi pa mipando sindinkazidziwa. Ndatsegula madzulo ano ndipo ndapezadi malo okwana zofunda zonse. Ndifunsenso china. M'munsi mwa makoma, pansi pa chitofu ndiponso m'kachipinda ka boiler (makina a gasi otenthetsera madzi) muli timabowo tokhala ndi sefa, ndipo timalowetsa mphepo yozizira kwambiri. Bambo anatitseka ndi zidutswa za katoni ndi selotepi, ndipo m'kachipinda ka boiler tinaikamo tsache, mapepala apulasitiki ndi nsapato poti ndimo mofunda. Kodi pamenepa pali cholakwika?

Namwino wa ku Skegness:
Achemwali, chonde chotsani zotsekazo lero lomwe, musadikire kuti kuche. Ndikulemba izi ndi mtima wonse chifukwa pa ntchito yanga ndinasamalirapo anthu amene anapuma mpweya wa carbon monoxide. Timabowo timeneto sitinaikidwe molakwitsa. Chitofu ndi boiler zimafuna mpweya wabwino kuti gasi apse bwinobwino, ndipo mpweya ukachepa zimayamba kutulutsa carbon monoxide, amene alibe fungo ngakhale mtundu. Tonsefe tikudziwa za mabanja amene anagona ndi mbaula yamakala m'nyumba yotseka mwezi wa June osadzukanso; mpweya wake ndi womwewu. Chakudza sichiimba ng'oma. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo munthu amangoganiza kuti ndi chimfine kapena kutopa kwa kuntchito. Ngati mutu umakupwetekani muli m'nyumba n'kusiya mukatuluka panja, chimenecho ndi chizindikiro choopsa, ndipo ana amagwidwa msanga kuposa akuluakulu.

Timabowo ta pansi tili ndi ntchito inanso. Gasi wa m'masilinda ndi wolemera kuposa mpweya, ndiye akamadontha amatsikira pansi n'kutulukira mmenemo m'malo mounjikana m'nyumba. M'kachipinda ka boiler musasungemo kanthu, ngakhale tsache. Onani ngati muli ndi alamu ya utsi ndi alamu ya carbon monoxide, ndipo muziyese pokanikiza batani lake. Malamulo a kuno amalamula mwini nyumba yobwereketsa, kuphatikizapo kalavani, kuti zipangizo za gasi ziziyezedwa chaka chilichonse ndi mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa amisiri a gasi ovomerezeka, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuti akuonetseni pepala lake.

Mayi a ku Boston:
Tachotsa zonse usiku womwe uno, ndipo alamu ya carbon monoxide tapeza kuti batire lake linatha. Bambo apita kukagula lina. Mulungu akudalitseni achemwali.

Achimwene a ku Paarl:
Ine yanga ndi kalavani yaing'ono yokokedwa ndi galimoto, imene ndimagonamo pa famu ya mphesa kuno ku Western Cape, ndipo yonse ingalowe m'balaza lanu, mayi. Kuno mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira May mpaka August, choncho chuku ndikuchidziwa bwino. Pa za ufa, ine ndimauthira m'chidebe chapulasitiki chokhala ndi chivindikiro tsiku lomwe ndagula, ndipo chidebecho chimakhala pa kathabwa osati pansi penipeni. Nyemba, mpunga ndi shuga zili m'mabotolo aakulu. Usipa ndi mfutso ndimaziika m'botolo lagalasi lotseka ndi mphira, chifukwa m'nyumba yaing'ono fungo la usipa limalowa m'zovala ndi m'matiresi osachokanso. Mapoto ndinatsala ndi atatu olowetsana, ndipo mthiko, chipande ndi zikho zimakoleka pa kandodo pamwamba pa sinki. Kwa amene ali ndi kalavani yoyenda ngati yanga, zolemera zonse ziyenera kukhala pansi pafupi ndi mateyala, chifukwa mukaziika kumbuyo kapena m'makabati a mmwamba kalavani imagwedezeka pamsewu mpaka kukoka galimoto.

Azakhali a ku Leeds:
Ana anga, malangizo onsewa ndi abwino, koma pali nkhani imene nonse mwaizungulira. Mwana wanga wa ku Boston, kalavani yako ndi ya masikweya mita pafupifupi 39, ndipo m'malo ochepa amenewo theka la chipinda cha mdzukulu wanga mwalipereka kwa makatoni 6 ndi masutikesi 4 a anthu amene sakhala m'nyumbamo. Ndakhala kuno zaka zoposa makumi awiri ndipo ndalowa m'nyumba zambiri za anthu akwathu. Pafupifupi monse mumakhala ngodya ya katundu wa kumudzi. Timagula nsapato pa selo, timalandira zovala zimene ana a anzathu zawathina, timatola mapoto ndi makatani, zonsezo n'kumati tidzatumiza. Chaka chimatha, chachiwiri chimatha. Pofika tsiku lotumiza, mwana amene tinamugulira nsapato uja phazi lakula, ndipo zovala zikununkha chinyontho.

Sindikunena kuti tileke kukumbukira abale. Ndikunena kuti mwana wa zaka 7 akufunika pochitira homuweki, poika mabuku ake ndiponso poyala zidole zake, ndipo iyeyo ndiye amene ali pafupi nawe. Mashelefu ndi mabokosi apulasitiki sangathetse vuto ngati katundu akulowa mwezi uliwonse koma satuluka.

Mayi a ku Boston:
Azakhali, mawu anu andilasa chifukwa ndi oona, komabe ndiloleni ndifotokoze mbali yanga. M'makatonimo muli mayunifomu ndi nsapato za ana atatu a malemu mchemwali wanga amene akuleredwa ndi agogo awo ku Dedza, muli mabulangete poti inu mukudziwa mmene Dedza amazizirira, ndiponso muli makina osokera apamanja amene ndinagulira mlamu wanga kuti azidzithandiza. Si zinthu zimene ndinangotola chifukwa zatchipa. Chimene chatichedwetsa ndi ndalama yotumizira, poti kusamuka kunatidyera zonse zimene tinasunga. Ndikaziyang'ana usiku ndimaona nkhope za anawo, ndipo kuzitaya kapena kuzipereka ku shopu ya zachifundo sindingathe.

Bambo a ku Elkhart:
Ine maganizo anga ndi akuti pa zovala ndi mabulangete ndi bwino kutumiza ndalama. Zinthu zimenezi zimapezeka mu msika wa Dedza kapena ku Lilongwe, ndalama imafika tsiku lomwelo, ndipo agogo amagula saizi yoyenera mwana ali pomwepo. Katundu wa pa sitima amayenda miyezi asanafike pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kenako pali ulendo wa pa thiraki ndi msonkho wa pa chipata. Makina osokera okha ndiwo ndingavomereze kuti atumizidwe.

Mayi a ku Hereford:
Achimwene, pamenepo sindikugwirizana nanu kwathunthu. Ndalama ikafika pakhomo pamene pali njala, matenda kapena ngongole ya feteleza, imapita kumeneko, ndipo palibe amene angawadzudzule agogo chifukwa chotero. Koma mwana amakhalabe wopanda nsapato. Nsapato ikafika ngati nsapato imavalidwa. Ndiponso chinthu chimene mayi wamng'ono wasankha ndi manja ake mwana wamasiye amachilandira mosiyana ndi ndalama ya pa foni.

Chimene chinandithandiza ine ndi kuika malire ndi tsiku. Ndinagula mgolo umodzi wapulasitiki wa malita 200 wokhala ndi chivindikiro chomanga ndi lamba wachitsulo, ndipo ndinadziuza kuti katundu wa kumudzi ndi amene wakwana mmenemo basi. Ukadzaza, sindigulanso kanthu mpaka utapita. Mgolo wotere sulowa madzi, choncho ukhoza kukhala m'shedi kapena m'galaja ya mnzanu m'malo mwa chipinda cha mwana. Tinkasonkhana amayi anayi a ku tchalitchi n'kutumiza pamodzi kawiri pa chaka, zimene zinkachepetsa mtengo wonyamulira kuchokera pakhomo. Zopepuka ndi zofulumira monga mayunifomu tinkapatsira amene akupita kumudzi pa ndege, poti matikiti ambiri a njira ya Addis Ababa kapena Nairobi amalola masutikesi awiri a makilogalamu 23, ndipo sipalephera wina amene ali ndi malo otsala. Za masutikesi anu anayiwo, akakhala opanda kanthu alowetsaneni ang'ono m'kati mwa aakulu, kapena muwagwiritse ntchito ngati mabokosi a zovala za nyengo ina pansi pa bedi.

Bambo a ku Spalding:
Palibe amene wayankha za pansi pa kalavani, ndiye ndiyankhe poti ndimagwira ntchito yokonza zowonongeka pa malo ena a makalavani kufupi ndi kwanuko. Pansipo musaikepo makatoni, matiresi, matabwa, penti kapena chilichonse chogwira moto. Malamulo a malo ambiri amaletsa, chifukwa moto ukayambira pansi kalavani yonse imapsa m'mphindi zochepa, ndipo ndi pomwepo pamene pamadutsa mapaipi a gasi ndi a madzi amene mmisiri amafuna kuwafikira akaphulika ndi chisanu. Komanso pansipo ndi ponyowa ndipo makoswe a m'minda amathawirapo nyengo yozizira. Pa malo okhala anthu chaka chonse, muyezo wa ku England wa 2008 umafuna mpata wa mamita 6 pakati pa kalavani ndi inzake, ndipo shedi yoikidwa mumpata umenewo iyenera kukhala yosagwira moto, n'chifukwa chake mumaona mashedi achitsulo osati amatabwa. Pemphani abwana anu chilolezo choika shedi yachitsulo yaing'ono kapena bokosi lachitsulo lapanja; mmenemo mungaikemo mgolo uja, njinga ya mwana ndi zipangizo. Masilinda a gasi akhale panja, choimirira, pamalo podutsa mphepo, osaunjikirapo kanthu.

Pali zina ziwiri. Windo la chipinda chogona m'makalavani ambiri linapangidwa kuti likhale potulukira pangozi, choncho ngati makatoni aja atchinga windo la mwana, asunthidwe lero. Chachiwiri, dera lathuli ndi lotsika kwambiri, ndipo amene analipo akukumbukira mmene madzi a m'nyanja anasefukirira m'tawuni ya Boston pa 5 December 2013. Mapasipoti, makalata a viza, masetifiketi ndi zithunzi zikhale m'kabokosi kosalowa madzi, pa shelefu ya mmwamba pafupi ndi khomo, kuti munthu athe kukanyamula ndi dzanja limodzi.

Mukafuna kugula dehumidifier, chipangizo choyamwa chinyezi m'nyumba, sankhani ya mtundu wotchedwa desiccant, chifukwa ya mtundu winawo imagwira ntchito mofooka m'chipinda chozizira. Kumbukiraninso kuti makalavani ambiri amalandira magetsi a ma amp 16 okha, omwe ndi mawati pafupifupi 3,700, pamene ketulo yokha imatha kudya 3,000. Mukayatsa ketulo, hita ndi ayironi nthawi imodzi magetsi adzathima.

Azakhali a ku Leeds:
Nzeru ya mgolo umodzi ndaivomera. Mwana wanga, galaja yanga ili ndi malo, ndipo mwana wanga wamwamuna amadutsa cha ku Lincolnshire ndi vani kawiri pa mwezi. Ukalongedza undiuze adzatenge, udzakhala kuno mpaka tsiku lotumiza.

Mayi a ku Boston:
Abale anga, papita masabata awiri ndipo ndati ndikuuzeni pamene tafika. Makatoni aja tinawatsegula onse Loweruka, ndipo awiri a pansi anali atanyowa kale mbali ya kukhoma, moti mabulangete tinachita kuwachapanso ku makina a m'tawuni. Mayunifomu ndi nsapato zapita ndi mayi wina wa ku tchalitchi amene wanyamuka Lachitatu. Makina osokera, mabulangete ndi mapoto zakwana mu mgolo umodzi umene tsopano uli kwa azakhali ku Leeds, ndipo tagwirizana ndi mabanja ena awiri kuti titumize mwezi wa February. Zovala zina zinali zitawachepera kale anawo, monga momwe azakhali ananenera, ndipo tazipereka kwa banja lina la pafakitale pompano limene lili ndi ana aang'ono.

Bedi lachiwiri tinapempha kuti alichotse, ndipo pamalo pake taikapo katebulo ndi shelefu yoima yokha ya mabuku a mwana, yotalikirana ndi khoma. Windo lake tsopano likutseguka lonse. Ufa uli m'chidebe, majekete akudonthera m'bafa, ndipo pepala la gasi atipatsa titalipempha kawiri. Za shedi sanatiyankhebe. Chitenje cha mayi ndinachichapa ndi viniga woyera n'kuchiyanika panja tsiku limene kunawala dzuwa. Fungo latha koma timadontho takuda tatsala m'mphepete. Sindikufuna kuchitsekera m'thumba lapulasitiki pansi pa mpando pamodzi ndi zofunda. Kodi chinthu chotere ndingachisunge pati kuti chisachitenso chuku?

Mayi a ku Hereford:
Chisiteni kaye kuti chiume mpaka mkati, muchipinde momasuka, muchikulunge m'nsalu yoyera ya thonje monga pilokesi, ndipo muchiike m'dirowa ya khoma la mkati, lolekanitsa chipinda chanu ndi balaza, osati la kunja. Muikemo timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Kamodzi pa mwezi muzichitulutsa n'kuchifunyulula kuti chipitidwe mphepo, ndipo Lamulungu lina mudzachivale popita ku tchalitchi.